Supageti Apsere Mumsuzi

Pali chizolowezi chimene chazika mizu m'makhitchini ambiri, chomwe chimamvetsa chisoni aliyense wolemekeza chakudya: supageti amawiritsidwa mpaka kufewa kwambiri, kenaka amatsukuluzidwa ndi madzi ozizira pasefa n'kuunjikidwa m'mbale ali mbuu, msuzi wa nyama uli m'mbale ina. Wophika wotere amatenga pasta, lomwe ndi dzina la zakudya za ufa wa tirigu monga supageti ndi makaroni, ngati nsima yodikira ndiwo pambali, pamene chakudyachi chimayenera kumalizira kupsa mumsuzi momwemo.

Ku Italy, kumene lamulo la 1967 linakhazikitsa kuti pasta wouma azipangidwa ndi tirigu wolimba wotchedwa durum, wophika amathira mchere wokwanira m'madzi owira, ndipo amavuula pasta akadali wolimbako pakati, kupsa kumene eni ake amakutcha al dente. Akatero amamuika m'chiwaya cha msuzi, n'kuthiramo kapu ya madzi oyererako amene pastayo wawiriramo, chifukwa sitachi wa m'madziwo ndi amene amagwirizanitsa mafuta ndi tomato kuti msuzi ukakamire pachingwe chilichonse m'malo mothawira pansi pa mbale. Kutsukuluza kumachotsa sitachi ameneyu, ndipo n'chifukwa chake supageti wa panyumba zambiri amakhala wozizira, woterera ndi wosamveka kukoma ngakhale ndiwo zake zitakoleredwa bwino.

Maonekedwe a pasta nawonso ali ndi ntchito. Msuzi wa nyama yogaya wa ku Bologna, wotchedwa ragù, umene kaphikidwe kake kanalembetsedwa ku bungwe la zamalonda la mzindawo mu 1982, umadyedwa ndi tagliatelle, pasta wamazira wophwatalala amene amanyamula tizidutswa ta nyama, pamene supageti, pokhala wowonda, amayenerana ndi msuzi wopepuka wa tomato, adyo ndi mafuta. Makaroni amabisa nyemba ndi msuzi m'mphako zake.

Chodandaulitsa chachikulu ndi maganizo akuti chakudya chochokera kunja chimalemekezeka pokhapokha pali nyama, kotero kuti paketi ya supageti imakhala m'kabati kudikira tsiku la malipiro. Mabanja osauka a kummwera kwa Italy sanadikire nyama. M'chigawo cha Puglia, pasta wooneka ngati timakutu wotchedwa orecchiette amawiritsidwa mumphika umodzi ndi cime di rapa, masamba owawirako a m'banja limodzi ndi mpiru, kenaka zonse zimakazingidwa ndi adyo, tsabola ndi tinsomba ta mchere ta anchovy, timene timasungunuka m'mafuta otentha. Pasta wa nyemba amadyedwa m'zigawo zambiri za dzikolo. Ngakhale tomato, amene ambiri amamuyesa mwini wa pasta, anachokera ku America m'zaka za m'ma 1500, ndipo kaphikidwe kake ndi pasta kanayamba kuoneka m'mabuku a ku Naples, monga la Ippolito Cavalcanti, m'zaka za m'ma 1830.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo palibe angatsutse kuti mpiru, nyemba ndi usipa zili pamphuno pa banja lililonse la ku Malawi. Usipa wouma ukachotsedwa mitu, n'kuviikidwa m'madzi ofunda kuti mchenga ndi kuwawa zichoke, umakazingidwa ndi anyezi ndi adyo pamoto wochepa mpaka uyambe kunyenyeka. Mpiru wodulidwa monenepako uponyedwe mupoto wa pasta patatsala mphindi zitatu kuti aphulidwe, kuti masamba asataye kubiriwira kwake, ndipo zonse zikavuulidwa zitakasidwe m'chiwaya cha usipa pamodzi ndi madzi a pasta aja, moto ukadali woyaka. Mchere uwonjezedwe pomaliza, wophika atalawa, popeza madzi a pasta abwera kale ndi wake.