Moto wa ku Mzuni usatiphunzitse kawiri

Pa 18 Disembala 2015 moto unabuka m'laibulale ya pa yunivesite ya Mzuzu. Pomwe umazima n'kuti mabuku pafupifupi 45,000 atasanduka phulusa. Anthu anagwira pakamwa, akufuna kwabwino a kuno ndi akunja anasonkha mabuku, ndipo moyo unapitirira. Koma pali zinthu zina zimene wakufuna kwabwino sangatitumizire kuchokera ku Amereka kapena ku Mangalande. Buku la masamu likapsa mumakagula lina. Nanga kafukufuku amene wophunzira analemba atayendayenda m'midzi ya ku Mzimba kufunsa nkhalamba zimene lero zili kumanda, akapsa popanda kope ina mukamugula kuti? Madzi akatayika saoleka.

Ine ndikuti ntchito yaikulu ya oyang'anira malaibulale m'dziko muno lero ndi kujambula zolembedwa zathu ife Amalawi, kuziika pa kompyuta, ndi kuzitsegula pa intaneti kuti aliyense aziwerenga. Ndipo boma liwapatse ndalama zogwirira ntchitoyi, osati mapemphero okha.

Taganizani chuma chimene tili nacho. Ku Zomba kuli National Archives, imene yakhala ikusunga zikalata za dziko lino kuyambira mu 1947. Lamulo limati aliyense wosindikiza buku kapena nyuzipepala m'Malawi azipereka kope kumeneko. Tili ndi zokambirana za aphungu a ku Nyumba ya Malamulo, malipoti a makomiti ofufuza nkhani, ndi zolembedwa m'Chichewa monga Boma Lathu ndi Odini. Palinso tinyuzipepala tambirimbiri timene tinabadwa cha m'ma 1993, nthawi ya riferendamu, n'kufa patangopita zaka zochepa. Zambiri mwa izi zinasindikizidwa pa pepala lotchipa limene limafiira n'kuyamba kuthetheka lokha. Adani ake ndi chiswe, makoswe, denga lodontha ndi moto. Amene tinaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu Marichi 2023 tikudziwa kuti madzi safunsa kuti nyumba iyi mukusungidwa chiyani.

Ndisanasiye sukulu ya ukachenjede chifukwa cha vuto la fizi, ndinapita m'laibulale ina kukafuna nyuzipepala za mu 1994. Mayi amene anandithandiza anali wodzipereka kwambiri. Anakwera pampando n'kutsitsa mtolo womanga ndi chingwe. Titamasula tinapeza kuti pakati ponse chiswe chinachita phwando. Mayiwo anangoti, "Pepani achimwene, takhala tikunena." Sindikuwaloza chala ayi. Munthu sungamupatse nkhokwe yobooka kenako n'kumamufunsa kuti chimanga chapita kuti.

Wina anena kuti moto umagwa paliponse. N'zoona. Mu Epulo 2021 moto wa m'phiri unalowa m'laibulale ya Jagger pa yunivesite ya Cape Town ndi kuononga zolembedwa zambiri zokhudza Africa. Ngati anzathu olemera aja zinawaonekera, ife tikudalira chiyani? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Koma lero pali chifukwa china chimene kunalibe nthawi imene laibulale ya Mzuni imapsa. Kuyambira mu Novembala 2022, pamene ChatGPT inatuluka, ophunzira, atolankhani ngakhale ogwira ntchito m'boma akumafunsa makina a AI m'malo mopita pa shelefu. Makinawa si mneneri. Amaphunzira kuchokera ku zolembedwa zimene zinaikidwa pa kompyuta, makamaka pa intaneti. Chimene chili m'katoni ku Zomba iwo sachidziwa. Ndiye ukawafunsa za mfumu ya kwanu kapena za njala ya mu 1949, amayankha ndi zochepa zimene alendo analemba, ndipo pamene sakudziwa amatha kungopeka mosaphethira n'komwe. Chichewa chawonso nthawi zambiri chimamveka ngati cha mlendo amene wafika dzana, chifukwa Chichewa chabwino chimene makolo athu analemba chikadali pa pepala. Tikachedwa, ana athu adzaphunzira mbiri ya Malawi yosimbidwa ndi ena, kapena yopekedwa ndi makina.

Nkhaniyi ikukhudzanso ufulu wathu. Akuluakulu amatiuza kuti mu 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Marichi, boma linalamula kuti kupezeka nayo ndi mlandu. Chimene chinathandiza kuti mawu afalikire masiku amenewo anali makina a fotokope ndi a fakisi. Lero kulibe wokumanga chifukwa cha kalata ngati imeneyo. Gawo 37 la malamulo oyendetsera dziko lino limatipatsa ufulu wopeza nkhani zimene boma likusunga, ndipo lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito pa 30 Seputembala 2020. Koma ufulu woona chikalata chimene palibe akudziwa kabati imene chili ndi ufulu wa pakamwa chabe. Mphunzitsi wa ku Chitipa sangakwere basi mpaka ku Zomba kuti akawerenge masamba atatu. Chinsinsi cha makono sichifuna Censorship Board. Fumbi ndi mtunda zimakwanira.

Tsono ntchitoyi si kungoloza foni pa pepala. Tsamba likajambulidwa pa sikana limakhala chithunzi basi. Pamafunika pulogalamu yozindikira zilembo kuti munthu athe kufufuza liwu lililonse, ndipo pa Chichewa ndi pa mapepala akale mapulogalamuwa amalakwitsa, choncho munthu ayenera kukonza. Kenako wina alembe kuti analemba ndani, liti, kuti, ndipo nkhani yake ndi yotani. Popanda zimenezi mwangosamutsa chipwirikiti kuchoka m'katoni kupita m'kompyuta. Luso limeneli ndi la oyang'anira malaibulale, ndipo pa Mzuni pomwepo amaphunzitsa maphunziro ake. Anthuwa si ogona. Mu 2003 anakhazikitsa bungwe la MALICO kuti azisonkherana ndalama zolipirira magazini a kafukufuku a pa intaneti. Ngati anatha kugwirizana pogula nzeru za kunja, angathenso kugwirizana posunga zathu.

Ena akuti ndalama zipite kaye ku mankhwala ndi feteleza. Palibe akukana. Koma pulogalamu ngati DSpace, imene mayunivesite ambiri pa dziko lapansi amasungiramo kafukufuku, ndi yaulere. Chofunika ndi masikana, magetsi a sola, ndi malipiro a anthu. Mtengo wa galimoto imodzi ya nduna ungagule masikana angati? Aphungu athu awerengetsere okha.

Ena akuti anthu ambiri akumudzi alibe intaneti. N'zoonanso. Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse, pafupifupi 11 okha ndi amene amaunikira magetsi. Koma yankho lake ndi kuika makompyuta m'nthambi za National Library Service, osati kusiya mapepala aole. Komanso mtolankhani wa wailesi ya m'dera akapeza lipoti pa foni yake, mawa lake mudzi wonse walimva.

Chenjezo lenileni ndi lakuti kompyuta nayo ili ndi chiswe chake. Mu Okutobala 2023 akuba a pa intaneti anathyola makina a British Library ku London ndipo ntchito zake zinasokonekera kwa miyezi yambiri. Kuno kwathu, mu Febuluwale 2024, Pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera anauza aphungu kuti makina opangira mapasipoti anathyoledwa. Choncho chojambulidwa chisungidwe malo angapo otalikirana, kope ina ikhale yosalumikizidwa ku intaneti, ndipo pepala lenilenilo lisatayidwe.

Tiyambire pa zimene zilibe mkangano: zokambirana za ku Nyumba ya Malamulo, malipoti a boma, kafukufuku wa ophunzira, ndi nyuzipepala zakale zimene zatsala pang'ono kutha. Za mabuku a alembi amene ali ndi umwini, tikhale pansi ndi eni ake pamodzi ndi bungwe la COSOMA.

Inu aphungu, nthawi ya bajeti mufunse kuti National Archives ndi National Library Service zapatsidwa zingati pa ntchito imeneyi. Inu akuluakulu a mayunivesite, wophunzira aliyense asavale gauni asanasiye kope ya kafukufuku wake pa kompyuta. Mu 2015 tinati ndi ngozi. Ikapsa ina tili manja lende, tidzanena kuti chiyani?