Chenjezo kwa Onse Oweta Agalu: Xylitol Ndi Poizoni

Ngati pakhomo panu pali galu, lero lomwe fufuzani m'zikwama, m'matumba a zovala ndi pamashelefu, muone ngati muli chingamu kapena masiwiti olembedwa kuti mulibe shuga. Zambiri mwa zimenezi amazitsekemeretsa ndi xylitol, ndipo xylitol amapha galu.

Xylitol amapezeka pang'ono m'zipatso ndi m'masamba, koma wogulitsidwa m'masitolo amamupanga kuchokera ku zitsononkho za chimanga kapena ku mitengo ya birch. N'chifukwa chake amalonda amamutcha wachilengedwe. Amatsekemera ngati shuga, koma sakweza msanga shuga wa m'magazi, ndipo tizilombo tooletsa mano sititha kumudya. Odwala matenda a shuga ambiri amamukonda pa zifukwa zimenezi. Mudzamupezanso m'mankhwala otsukira mano, m'mavitamini otafuna, m'mankhwala ena a chifuwa ndi m'chiponde china cha m'mabotolo. Pachikuto amalemba xylitol, birch sugar kapena E967.

Thupi la galu limamulandira mosiyana ndi lathu. Galu akangomeza, kapamba wake amatulutsa insulin wochuluka nthawi imodzi, shuga wa m'magazi n'kutsika koopsa pakati pa mphindi 10 ndi 60. Galuyo amasanza, amafooka, amayenda modzandira, kenaka amaphupha ngati wakhunyu n'kukomoka. Mlingo wake ndi wochepa kwambiri: galamu imodzi yokha ikhoza kugwetsa galu wolemera makilogalamu 10, ndipo kwa kagalu kakang'ono zingamu zowerengeka zakwana. Akadya wambiri, chiwindi chimawonongeka m'masiku ochepa, ngakhale poyamba aoneke ngati wachira. Apa mpamene ambiri amanyengeka, n'kusiya kupita naye kuchipatala.

Mukakayikira kuti wadya, musadikire zizindikiro. Thamangirani kwa dokotala wa ziweto mutatenga chikuto cha chimene wadyacho. Musamusanzitse nokha. Ngati wafooka kale ndipo ulendo ndi wautali, mupakeni uchi m'nkhama muli m'njira. Musamuthire madzi kukamwa atakomoka. Ndipo musamatsuke mano a galu ndi mankhwala a anthu.

Nanunso anthu samalani. Xylitol wochuluka amatupitsa mimba ndi kutsekula m'mimba. Mu 2024, ofufuza a ku Cleveland Clinic ku America, motsogozedwa ndi Stanley Hazen, anafalitsa mu European Heart Journal kuti anthu amene anali ndi xylitol wambiri m'magazi ankadwala kwambiri mtima ndi sitiroko, ndiponso kuti xylitol amachititsa magazi kuundana msanga. Mankhwala otsukira mano si nkhawa, popeza timalavula. Koma amene muli ndi matenda a shuga kapena a mtima ndipo mumamuthira mu tiyi tsiku ndi tsiku, kambiranani kaye ndi adokotala.

Chonde uzaninso ana, chifukwa ndiwo amakonda kugawana masiwiti ndi galu.