Wophunzira akawunti ayambire pa mabuku a penshoni

Ku England, wachinyamata amatha kuchita digiri ya akawunti uku akugwira ntchito yolipidwa. Ena amati kumuyambitsira pa kufufuza mabuku a penshoni n'kumupanikiza, poti sadzaona msanga mabuku a mafakitale ndi masitolo. Zoona, koma taganizani zimene amaphunzirapo. Wabizinesi Robert Maxwell atamwalira mu 1991, zinaululika kuti mapaundi mamiliyoni mazanamazana anasowa m'thumba la penshoni la antchito ake. Potsatira izi, lamulo la 1995 linakakamiza ofufuza mabuku kukanena zolakwika zikuluzikulu ku bungwe loyang'anira penshoni. Choncho wophunzira amazolowera kufuna umboni woti ndalama zodulidwa pa malipiro zafikadi m'thumbamo pa nthawi yake. Chondidetsa nkhawa n'chakuti mabwana angamuunjikire ntchito mpaka kusowa nthawi yokonzekera mayeso.