Makapusozi ogulitsa awiriawiri achoke mu okala

Mabelo a fodya akayamba kupita ku okushoni ya Chinkhoma, ndalama imatsikira m'midzi ndipo msika wa pa Santhe umadzaza. Aliyense wa okala amawonjezera katundu: shuga, sopo, mafuta ophikira, mabatire. Pa mashelefu ena, kuseri kwa machesi ndi Panado, pamakhalanso kabotolo ka makapusozi. Amagulitsidwa awiri kapena atatu, malinga ndi ndalama imene munthu wabwera nayo. Pa katundu yense wa mu okala, ameneyu ndiye woyenera kuchotsedwa msanga.

Ogula ake ndi odziwika. Wina ndi tenanti amene wadzitema ndi chikwanje pokonza chigafa, bala n'kuyamba kutuluka mafinya. Wina ndi mayi wa mandasi amene chithupsa chamutuluka m'khwapa, wina ndi mnyamata wa kabaza amene anasupuka bondo atagwa pa njinga. Amamwa awiri, wachitatu amatsegula n'kuwaza ufa wake pabala. Ululu ukachepa, nkhani yathera pomwepo.

Zithupsa ndi zilonda za mafinya zambiri zimayamba ndi kachirombo kotchedwa Staphylococcus aureus. Kamakhala pakhungu ndi m'mphuno mwa munthu mmodzi pa atatu alionse popanda kumudwalitsa, ndipo kamangodikira khomo: pamene lezala yacheka, pamene munthu wakanda, pamene munga walasa. Nthawi zambiri kamathera pa chithupsa. Koma kakalowa m'magazi, m'mafupa kapena m'mapapo, kamapha.

Apa pali chinthu chimene wogulitsa aliyense wolemekeza dzina lake ayenera kudziwa. Tizirombo tambiri ta mtundu umenewu tinasiya kalekale kumva penicillin, ndipo amoxicillin wamba ali m'gulu lomwelo. Choncho munthu wa chithupsa akagula amoxicillin, kawirikawiri wagula katundu wosagwira ntchito pa nthenda yakeyo. Chithupsa chimaphulika chokha, mafinya n'kutuluka, ulemu n'kupita kwa kapusozi amene sanachitepo kanthu. Wamalonda amene sangayerekeze kugulitsa mbewu ya chimanga yopaka utoto asamanyadire malonda amenewa, chifukwa ndi amodzimodzi.

Kuipa kwina n'kwakuti mankhwala omwa mwa apo ndi apo amapha tizirombo tofooka n'kusiya tolimba, ndipo totsalato timaswana n'kufalikira. Anthu amakonda kunena kuti thupi lazolowera mankhwala. Chimene chimazolowera ndi kachirombo, ndipo kachirombo kamayenda: kuchoka pa dzanja la wodwala kupita pa thaulo, pa bulangeti, pa mwana wa mnzake amene sanamwepo kapusozi ndi mmodzi yemwe. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928 ataona nkhungu ikupha tizirombo ta mtundu womwewu, anachenjeza mu 1945 kuti kumwa mlingo wochepa kudzaphunzitsa tizirombo kulimbana ndi mankhwalawo. Akatswiri atapanga mankhwala ena otchedwa methicillin, pofika 1961 ku England kunali kutapezeka kale Staphylococcus wosawamva. Ndiye amene madokotala amamutcha MRSA.

Nkhaniyi inafika kale kuno. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome anaunika magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Mu 1998, pa tizirombo 100 tilitonse ta Staphylococcus aureus topezeka m'magazi, pafupifupi 8 tinali MRSA. Mu 2016 tinali 18. Pa dziko lonse, kafukufuku amene anatuluka mu The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mokha anthu 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha tizirombo tosamva mankhwala, ndipo MRSA yekha anapha oposa 100,000. Blantyre ndi kutali, inde, koma odwala, matenanti ndi ogula fodya amayenda dziko lonse, ndipo kachirombo kamakwera nawo minibasi osalipira.

Ogulitsa ali ndi yankho lawo, ndipo si lopanda nzeru. Amati munthu amapita ku chipatala m'mawa, kuima pa mzere, masana n'kuuzidwa kuti mankhwala atha, akagule. Amati tenanti amene sanalandire malipiro a chaka sangakwanitse mlingo wonse wa masiku asanu kapena asanu ndi awiri, ndiye bola awiri kusiyana n'kubwerera chimanjamanja. Kusowa kwa mankhwala m'zipatala za boma ndi vuto lenileni, ndipo mlandu wake suli pa wa okala. Koma awiriwo sachiza, ndipo amachedwetsa munthu: amagona masiku atatu akudikira kuti agwire ntchito, mwendo ukutupa, mpaka ulendo umene ukanathera pa chipatala chaching'ono cha pa Santhe ukathera ku chipatala chachikulu cha pa boma ku Kasungu, mwinanso ku Kamuzu Central ku Lilongwe. MRSA akalowa m'magazi amafuna mankhwala monga vancomycin, odutsa mu dilipi, amene sapezeka pa chipatala cha kumudzi.

Tsono awerengere wamalonda. Phindu la kabotolo konse silingafanane ndi mtengo wa galimoto ya hayala, chakudya cha wodikirira wodwala, ndi sabata ziwiri benchi ili yotseka, ngati wodwalayo ndi wa m'nyumba mwake. Ndi lamulonso salimbana nalo: mankhwalawa amayenera kuperekedwa dokotala atalemba, ndipo ogulitsa amafunika chiphaso cha bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Wopezeka nawo popanda chiphaso amalandidwa katundu ndipo akhoza kukaonekera ku khoti. Mpamba wa chaka chonse usathere pa kabotolo kamodzi.

Nkhaniyi ikukhudzanso ena amene sanagulitsepo mankhwala. Ometa tsitsi ali patsogolo. Lezala imodzi ikhale ya mutu umodzi, ndipo mashini azipukutidwa ndi sipiriti akangometa munthu, pamaso pa kasitomala wotsatirayo. Tiziphuphu ta mafinya ta kunkhongo timene anyamata amatuluka akameta timathamangitsa makasitomala kuposa kukwera kwa mtengo.

Ogulitsa zakudya nawo ali ndi chawo. Kachirombo kochokera pa chala cha chilonda kakagwera mu mpunga, nyama kapena mkaka, n'kukhalamo maola angapo pa dzuwa la ku Kasungu, kamatulutsa poizoni amene satha ngakhale chakudyacho atachitenthetsanso. Wodya amayamba kusanza pasanathe maola ochepa, ndipo amakumbukira bwino benchi imene anagula. Wa chiwaya, wa kanyenya kapena wa butchala amene ali ndi bala la mafinya ku dzanja alimange bwino, ndipo masiku amenewo agwire ndalama, chakudya agwire wina. Chigubu cha madzi ndi sopo pambali pa benchi ndi zotchipa kuposa tsiku limodzi lopanda malonda.

Nanga kasitomala akabwera ndi chithupsa kudzafuna makapusozi? Amugulitse sopo ndi bandeji. Amuuze kuti azithowa ndi kansalu koyera ka madzi ofunda, asafinye, asaboole ndi singano kapena munga, ndipo asabwerekane thaulo. Chithupsa chachikulu amachitumbula ku chipatala ndi zida zoyera, ndipo nthawi zambiri kutulutsa mafinyako n'kumene kumachiza. Koma ngati thupi latentha, kutupa kukufalikira, chithupsa chili kumaso pafupi ndi mphuno, kapena wodwalayo ndi khanda, wa shuga kapena womwa ma ARV, apite ku chipatala tsiku lomwelo.

Chaka chilichonse kuyambira pa 18 mpaka 24 Novembala, mayiko amakumbutsana za tizirombo tosamva mankhwala. Ku Santhe nthawi imeneyo anthu amakhala ali ku nazale ndi kumunda. Komiti ya msika ingachite bwino kuitana mlangizi wa zaumoyo pa tsiku la msika m'nyengo ya okushoni, pamene ogula ndi ogulitsa onse ali pamodzi ndipo kabotolo kaja kakuyenda malonda.