Mbatatesi ya pa chithunzi ikhale yomwe ili m'thumba

Kale wofuna kutsatsa malonda ankalipira wolemba zikwangwani kapena ankapita ku wailesi. Lero foni yokha ikukwanira. ChatGPT inatuluka mu 2022, ndipo tsopano mapulogalamu a AI amalemba uthenga ndi kupanga chithunzi m'kanthawi kochepa. Wogulitsa mbatatesi ku Zóbuè akhoza kulembera ogula a ku Moatize pa WhatsApp m'Chipwitikizi, ngakhale chilankhulocho chimamuvuta. Zimenezi ine ndikuziyamikira.

Chondidetsa nkhawa ndi chithunzi. AI sijambula katundu wanu. Imangopeka mbatatesi zikuluzikulu, zosalala, zomwe sizinakumbidwe m'munda wa munthu aliyense. Mayi wa ku Moatize aziona, atumiza ndalama pa M-Pesa, thumba n'kufika lili ndi timbatatesi ting'onoting'ono. Kumeneko n'kunama, ndipo lamulo loteteza ogula, la nambala 22 la mu 2009, limaletsa kutsatsa malonda mwachinyengo. Mlandu ukabuka simunganamizire foni, wotumiza ndinu.

Choncho jambulani thumba lenilenilo. AI ikuthandizeni mawu okha, ndipo muwawerenge musanatumize, kapena mnzanu wa m'kalasi akuwerengereni. Yang'anitsitsani mtengo. Pamalire pano 500 ya metikali si 500 ya kwacha.