Sewero la Anthu Ambiri Tiliyese ndi Muyeso Wanji?

Chifikire mbale za setilaiti ndi magetsi a dzuwa pa boma la Chama ndi m'misika ya kwa Tembwe ndi kwa Chikwa, ana a anthu aja amene ankatchera khutu ku nthano za Julius Chongo pa wailesi ya Zambia asanduka oweruza a masewero a mitundu yakutali, a Amwenye, a ku Nigeria, a ku Mexico ndi a ku Lusaka; ndipo pa zonse zimene amatsutsana madzulo atabwera ku minda ya mpunga, palibe chowagawanitsa koposa sewero lija lopanda mwini mmodzi, limene limasenza mabanja anayi kapena asanu nthawi imodzi, kuwasiya ndi kuwabwereranso, kufikira nkhani zawo zitakumana.

Azungu amalitama kwambiri luso limeneli. Filimu ya Crash, yonena za anthu osadziwana a mumzinda wa Los Angeles, inalandira mphoto ya Oscar mu 2006; ndipo chaka chomwecho Alejandro González Iñárritu anatulutsa Babel, m'mene mfuti imene mlenje wa ku Japan anapatsa womuperekeza ku Morocco igwera m'manja mwa anyamata oweta mbuzi, iwo nalasa nayo mayi wa ku America ali m'basi, tsokalo nkukagwera mlezi wa ku Mexico amene anatsala ndi ana a mayiyo. Ndi ntchito ya mmisiri, sindikana. Koma taonani chimene chimanga anthuwa pamodzi: ngozi ya galimoto, chipolopolo chosochera, zinthu zongogwa. Wolembayo afuna kudabwitsa anthu a m'mizinda ikuluikulu, amene sadziwa ndi dzina lomwe la mnansi wawo, powauza kuti chochita cha mmodzi chimagwera wina. Pamene munthu wa kwa Kambombo, amene maliro amodzi amamusonkhanitsira apongozi, alamu, angongole ndi adani pa msasa umodzi, sapeza chachilendo m'uthenga wotere, pakuti anabadwiramo.

N'chifukwa chake ndinena kuti amene amanyoza Mpali, sewero la mitala limene linayamba pa Zambezi Magic mu 2018, ati lachuluka anthu ndipo lilibe ngwazi yoitsata, aliyesa ndi muyeso wobwereka. M'nyumba ya Nguzu, mwini mitala wa m'seweroli, ndi akazi ake nkhani sizilumikizana mwangozi ayi. Zilumikizana chifukwa anthuwo adyera munda umodzi, ayembekeza chuma chimodzi, ndipo sangathawane, popeza chibale ndi fupa, sichiola. Mkazi wachitatu akakondweredwa, woyamba walandidwa. Mwana wa uyu akatumizidwa ku sukulu, mwana wa uyo wawerenga kale. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, nanga asanu kapena asanu ndi limodzi? Woonera wa kuno safunsa kuti ngwazi ndani. Afunsa kuti, kodi ameneyu ndi mwana wa nyumba iti, ndipo malume ake ali kuti pamene zinthu zafika potere?

Komatu tisadzinyenge kuti ife tili ndi muyeso umodzi. M'chigawo chathu chino cha Kummawa, chimene Chama inachotsedwamo mu 2011 kupita ku Muchinga nkubwezedwanso mu 2021, Mchewa wa ku Katete, amene ana amawawerengera kuchikazi, ndi Mngoni wa kwa Mpezeni, amene anapereka ng'ombe za malowolo, angathe kukhala pa benchi limodzi, kuona bambo wa m'sewero akutenga ana mkazi atamwalira, wina nkuti waba, wina nkuti watenga zake. Ngati zitero pakati pa anthu ogula pa msika umodzi, koposa kotani nanga tikamaona mpongozi wa ku India akulamulira mkazi wa mwana wake m'nyumba imodzi, kapena mtsikana wosamva wa ku Tokyo wa mu Babel amene chisoni chake sachitulutsa pakamwa? Kufulumira kunena kuti izi n'zopusa ndiko kuweruza mlandu wa mudzi wina ndi mwambo wa kwanu.

Muyeso umene ine ndiukhulupirira ndi wa pabwalo la mfumu, pamene nduna sizigamula zisanamve mbali zonse, ndipo mboni yosauka ipatsidwa mpata wofanana ndi wa mwini ng'ombe. Sewero la anthu ambiri lifunsidwe chomwecho: kodi aliyense waloledwa kukhala ndi chifukwa chake, monga mwa mwambo wa kwawo, kapena ena angoikidwamo kuti asenze tsoka la anzawo olemera? Pamenepa Babel ichita bwino kuposa Crash, chifukwa isonyeza poyera kuti Mzungu wolasidwa anatumiziridwa helikopita, pamene banja la oweta mbuzi linatumiziridwa apolisi.

Ndipo muyeso womwewo suwasiya athu. Masewero a ku Lusaka, chifukwa chofuna kudzaza masabata, ali ndi chizolowezi choyambitsa nkhani ya wantchito wa pafamu kapena ya wachibale wochokera kumudzi, kumuseketsa anthu ndi kalankhulidwe kake, kenaka nkumutaya osatiuza kumene anathera. Ndipo ife a kuno ku chigwa cha Luangwa, amene timadziwa bwino kuti wakumudzi wosekedwayo ndani, tili ndi chifukwa chofunsa olembawo kuti mlandu wake udzamvedwa liti.