Saturn ndi Nyengo za Eni Ake

Masiku ano ana athu ambiri akadzuka m'mawa amathamangira foni kuti aone chimene nyenyezi zanena za tsiku lawo. Pa Chipwitikizi amachitcha horóscopo. Ena amawerenga mongocheza, koma kwa ena mawuwo amalowerera mumtima. Alipo amene akamayandikira zaka 29 zakubadwa amagwidwa ndi nkhawa, chifukwa anawerenga kuti Saturn akubwerera pamalo pamene anali tsiku limene iwo anabadwa, ndipo kuti akubwera ndi umphawi, kuchedwa kwa banja ndi chisoni. Mantha otere amafooketsa manja a munthu amene akanagwira ntchito. Chifukwa chake tiyeni tifunse: mbiri yoipayi Saturn anaitenga kuti?

Saturn ndi pulaneti, ndiko kuti dziko lozungulira dzuwa monga lathuli, lopanda kuwala kwakekwake. Lili pa mtunda wa makilomita oposa 1,400 miliyoni kuchokera ku dzuwa, ndipo limatenga zaka 29 ndi theka kuti lizungulire dzuwa kamodzi. Apa ndi pamene pachokera nkhani ya zaka 29 ija. Mwa mapulaneti asanu amene munthu angathe kuwaona ndi maso okha, Saturn ndiye woyenda pang'onopang'ono kuposa onse, ndipo kuwala kwake nkofooka poyerekeza ndi nthanda. Anthu a ku Babulo anamutcha Kayamanu, kutanthauza wokhazikika. Agiriki anamupatsa dzina la mulungu wawo wokalamba, Kronos. Aroma anamutcha Saturnus, dzina la mulungu wawo wa kufesa mbewu amene ankamujambula atanyamula zenga, ndipo chikondwerero chake chotchedwa Saturnalia chinkayamba pa 17 Disembala. Tikuona kale kuti anthu anayang'ana kanyenyezi koyenda mozengereza, nakumbukira nkhalamba yoyenda ndi ndodo, nakaveka khalidwe la nkhalambayo.

Munthu amene anaika zonsezi mu dongosolo lomwe okhulupirira nyenyezi akutsatirabe ndi Ptolemy, katswiri wa ku Alexandria m'dziko la Ejipito, amene anakhala ndi moyo m'zaka za pakati pa 100 ndi 170 Khristu atabadwa. M'buku lake lotchedwa Tetrabiblos anafotokoza kuti Saturn ndi wozizira ndi wouma, popeza ali kutali ndi kutentha kwa dzuwa ndi chinyezi cha dziko lapansi, ndipo anamuwerengera pakati pa mapulaneti obweretsa zoipa. Njira imene dzuwa limaoneka ngati likuyendamo pachaka inali itagawidwa kale m'zigawo khumi ndi ziwiri, ndipo chigawo chilichonse chinali ndi mwini wake. Ptolemy anapereka chifukwa cha kagawidweko. Mwezi unalandira Cancer ndipo dzuwa linalandira Leo, zigawo za kumapeto kwa Juni kufikira mu Ogasiti, chifukwa imeneyo ndiyo miyezi yotentha. Saturn, pokhala wozizira, analandira zigawo zoyang'anizana nazo, Capricorn ndi Aquarius, kuyambira cha pa 22 Disembala kufikira cha pa 18 Febuluwale, chifukwa imeneyo ndiyo miyezi yachisanu.

Miyezi yachisanu kwa yani? Kwa anthu a ku Alexandria, a ku Athens ndi a ku Roma. Kumeneko Disembala ndi nthawi ya masiku aafupi, ya mphepo yozizira ndi ya mitengo yambiri yopanda masamba. Sizodabwitsa kuti m'zaka zotsatira anthu a ku Ulaya anaonjezera pa Saturn ukalamba, chisoni, kusowa ndi imfa. Iwo ankafotokoza zimene ankaona atasuzumira panja pa nyumba zawo.

Tsono tiyeni ifenso tisuzumire panja pa nyumba zathu. Dziko lapansi ndi lopendekeka ndi madigiri 23 ndi theka, ndipo kupendekeka kumeneku ndiko kumabweretsa nyengo: mbali ya kumpoto ikapendekera kutali ndi dzuwa, mbali yathu ya kumwera imakhala italiyang'ana. Mzere umene pa mapu umatchedwa Trópico de Capricórnio umadutsa m'dziko lathu lomwe lino, m'chigawo cha Inhambane. Cha pa 21 kapena 22 Disembala, pamene Ptolemy akuti ufumu wa pulaneti yozizira ndi youma ukuyamba, dzuwa limakhala paliwombo penipeni pa anthu a kumeneko. Kuno ku Angónia, ku Macanga ndi ku Tsangano mvula imakhala itagwa, chimanga chitamera, anthu ali kalikiliki kupalira ndi kubandira. Chisanu chathu chimafika mu Juni ndi Julaye, pamene ana a ku Ulónguè amapita kusukulu manja ali m'khwapa, ndipo imeneyo ndiyo miyezi imene bukulo linaipereka kwa mwezi ndi dzuwa chifukwa cha kutentha. Tanthauzo lonse la Saturn, likafika kuno, limaima chadodolido.

Mwina wina anganene kuti, koma Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi yowawa ndithu kwa ife, ndi nthawi ya njala. Zoonadi, timaidziwa miyezi imeneyi. Koma timadziwanso chifukwa chake. Chimanga chimene tinakolola mu Meyi chimakhala chitatha m'nkhokwe pamene chatsopano sichinakhwime. Pa msika mtengo umakwera. Madzi odikha amachulukitsa udzudzu ndi malungo. Zonsezi zili ndi mayankho amene ali m'manja mwathu: kusamala zokolola, kusagulitsa chimanga chonse nthawi ya masika, kulima dimba, kugona m'masikito, ndi kukumbukira amasiye ndi okalamba a mumpingo. Munthu akakankhira njala yake kwa pulaneti, amasiya kufunsa mafunso amene akanamuthandiza chaka chamawa. Ndiponso Saturn mwiniyo sakhala m'zigawo zakezo Disembala aliyense. Amatha pafupifupi zaka ziwiri ndi theka m'chigawo chimodzi, kotero kuti umwini wake wa miyezi imeneyi uli papepala chabe.

Sitikunena kuti kuyang'ana kumwamba nkolakwa. Makolo a mitundu yambiri ya mu Afrika ankawerenga nyengo poona kagulu ka nyenyezi kamene ife timakatcha Nsangwe. Azulu ndi Axhosa amakatcha isiLimela, nyenyezi za kulima, chifukwa kuonekeranso kwake m'mbandakucha kunkawakumbutsa kuti nthawi yokonza minda yayandikira. Kumeneko kunali kugwiritsa ntchito thambo monga kalendala, ndipo chaputala choyamba cha Genesis chimaika zounikira zakumwamba pa ntchito yomweyo yolekanitsa nyengo, masiku ndi zaka. Koma kalendala siilamulira moyo wa mwini nyumba. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa nyenyezi yotiuza kuti nthawi yakwana ndi nyenyezi imene tikuiyesa mwini wa tsogolo lathu. Akatswiri ambiri a Baibulo amati Kiyuni amene akutchulidwa pa Amosi 5:26, m'mawu odzudzula Aisraele, ndi Kayamanu yemwe uja, ndiye kuti Saturn. Choncho yesero limeneli silinayambe ndi mafoni.

Ngakhale mayina a masiku amene ana athu amaphunzira kusukulu ali ndi umboni wa nkhondo yomweyi. Aroma anapatsa masiku asanu ndi awiri a sabata mayina a dzuwa, mwezi ndi mapulaneti asanu, ndipo pa Chingerezi tsiku Loweruka likutchedwabe ndi dzina la Saturn. Koma m'zaka za m'ma 500, Martinho, bishopu wa ku Braga, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Portugal, anatsutsa mwamphamvu kuti Akhristu azitchula masiku ndi mayina a milungu imeneyi. Kwa iye ndi kumene anthu ambiri amalozera akamafotokoza chifukwa chimene pa Chipwitikizi timangowerenga kuti segunda-feira, terça-feira, mpaka sexta-feira, monga momwe ifenso timanenera kuti Lachiwiri, Lachitatu, Lachinayi.

Kuyambira pamene Galileo anamuyang'ana ndi chipangizo choonera kutali mu 1610, ndi pamene Huygens anafotokoza mu 1659 kuti wazunguliridwa ndi mkombero, Saturn wadziwika bwino kwambiri. Chombo chotchedwa Cassini chinamuzungulira kuyambira mu 2004 kufikira mu 2017. Tikudziwa tsopano kuti ndi chimpira chachikulu cha mpweya, kuti mikombero yake yambiri ndi zidutswa za madzi oundana, ndiponso kuti nayenso ndi wopendekeka, motero ali ndi nyengo zakezake, iliyonse yotalika zaka zoposa zisanu ndi ziwiri. Ndi cholengedwa chokongola choyenera kuchiyang'ana modabwa usiku wopanda mitambo, koma sichidziwa dzina la munthu aliyense.

Kwa inu achinyamata amene mukuyandikira zaka 30, ngati mtima ukulemera, musadabwe. Pa msinkhu umenewu munthu amayamba kudzifunsa za banja, za ntchito, za makolo amene akukalamba. Mafunso amenewo ndi enieni, ndipo malo ake ndi m'pemphero ndi pamaso pa akulu amene anadutsamo kale. Ndipo ife makolo, mwana akatiuza kuti nyenyezi zamuopseza, tisamuseke kapena kumukalipira. Tikhale naye pansi, timufotokozere kuti zimene akuopazo zinalembedwa ndi anthu amene ankamva chisanu mu Disembala, kenaka m'mawa mwake titengane naye kumunda.